Nkhono imodzi, misika yosiyana: ulimi wa maoyisitara kuchokera ku Fujian mpaka ku Banjul

Mu lesitilanti ya mumzinda wa Paris, maoyisitara amabwera pa mbale ya madzi oundana ali amoyo, aliyense m'chigoba chake, ndipo woperekera zakudya amatchula ngakhale dzina la gombe kumene anakulira. Amawerengedwa mmodzimmodzi. Pa msika wa ku Xiamen, m'chigawo cha Fujian ku China, mayi amakhala pa kampando ndi kampeni kake, mnofu akuponya m'beseni, zigoba akukankhira pambali, ndipo wogula amalipira malinga ndi sikelo. Nkhono za m'malo awiriwa n'zapachibale kwambiri moti asayansi akhala akutsutsana ngati zili mtundu umodzi kapena iwiri. Koma malimidwe ake, mtengo wake, ndi anthu amene amapindula nazo n'zosiyana kutalitali.

Ambiri amaganiza kuti kusiyanaku kumachokera ku nyengo ndi madzi basi. Nyengo ili ndi mbali yake ndithu. Koma chimene chimalamula kwambiri ndi funso la kukhitchini: kodi nkhonoyi ikadyedwa yaiwisi kapena yophika? Yankho lake ndi limene limauza mlimi zida zoti agule, zaka zoti adikire, ndi malamulo amene adzamutsekereze pachipata cha msika.

Oyisitara ndi nkhono ya m'nyanja yamchere yokhala ndi zigoba ziwiri zokhakhala, chapansi chakuya, chapamwamba chathyathyathya. M'madzi opanda mchere sakhalamo, n'chifukwa chake m'nyanja ya Malawi mulibe. Amakonda kwambiri pamene mtsinje umathira m'nyanja, pomwe madzi amchere amasakanikirana ndi ochokera kumtunda. Madzi akafunda kufika pafupifupi madigiri 20, aakazi ndi aamuna amatulutsira mazira ndi umuna m'madzi, ndipo timphutsi tobadwa pamenepo timasambira milungu iwiri kapena itatu. Kenako kalikonse kamafuna chinthu cholimba, kaya mwala, kaya muzu, kaya chigoba cha mnzake, n'kumatirira pomwepo mpaka imfa. Chakudya amachita kusefa: amakoka madzi n'kutsala ndi tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'menemo. Motero mlimi wa maoyisitara sagula chakudya cha ziweto zake. Ndalama zimapita ku mbewu, zida, mafuta a boti ndi antchito. Komanso chilichonse chili m'madzimo chimathera m'thupi mwa nkhonoyo, chabwino ndi choipa chomwe. Mchere wa pamalopo, mtundu wa ndere, matope a mtsinje, zonsezi zimamveka pa lilime. Zonyansa za m'zimbudzi za mzinda woyandikira nazonso zimalowa momwemo.

Ku Normandy ndi ku Brittany, kumpoto chakumadzulo kwa France, nyanja imaphwa kawiri pa tsiku n'kusiya mchenga wautali woti thirakitala iyendepo. Ku Cancale kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumatha kupitirira mamita 10. Alimi kumeneko amaika maoyisitara m'matumba a pulasitiki oboolaboola n'kuwamangirira pa timatebulo tachitsulo tozikidwa mumchenga. Masiku amene nyanja yaphwa kwambiri amathamangirako ndi mathirakitala, pakuti ali ndi maola ochepa chabe madzi asanabwerere. Munthu amamasula thumba, kulitembenuza kuti ndere zomera pamwamba zipite pansi zikafe posowa kuwala, kulimenya ndi ndodo, kulikhutchumula, n'kulimanganso, kenako thumba lotsatira, mzere wonse, msana uli chiweramire. Kukhutchumulako kumathyola m'mphepete mopyapyala mwa chigoba mmene mwangomera kumene, choncho nkhono m'malo mokula motalika ndi mopindika imakula mozungulira ndi mwakuya. Amachita zimenezi mobwerezabwereza kwa zaka zitatu, mwina zinayi. Thukuta lochuluka pamenepa ndi la maonekedwe a chigoba. Mnofu ukanakula ndithu popanda mavuto onsewa.

Kum'mwera kwa dziko lomwelo, ku Étang de Thau m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, madzi saphwa kwenikweni. Alimi a ku Bouzigues amamata tiana ta maoyisitara pa zingwe ndi simenti n'kupachika zingwezo pa nsanja zozikidwa m'madzi. Nkhono zimakhala zomira usana ndi usiku, zimadya osapuma, zimakula msanga. Koma mnofu wotsekera chigoba umakhala wofooka poti sunazolowere kukhala pamphepo. Banja la Tarbouriech linakonza makina oyendera mphamvu ya dzuwa amene amatulutsa zingwezo m'madzi kwa maola angapo, kutsanzira kuphwa kwa nyanja kumene kulibeko.

Oyisitara amene France amanyadira lero si wa ku France. Wa makolo awo ndi wathyathyathya, Ostrea edulis, uja wodziwika ndi dzina la mtsinje wa Belon. Pofika m'ma 1850 anali atachepa kwambiri chifukwa chokolola mopyola muyeso, ndipo boma la Napoleon III linatuma wasayansi Victor Coste kuti apeze njira yowaweta. Ku Arcachon kunabadwa luso loika m'madzi matailosi a denga opakidwa laimu wosakaniza ndi mchenga: timphutsi timamatirira pa laimuyo, ndipo pakapita miyezi mlimi amapala laimu n'kuchotsa tianato osativulaza. Mu 1868 sitima yotchedwa Le Morlaisien, itanyamula maoyisitara a ku Portugal, inathawira mphepo mu mtsinje wa Gironde n'kutaya katundu wake m'madzi poganiza kuti wawola. Ena anali amoyo, anaswana, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 mtundu umenewu unadyetsa mabanja a gombe lonselo. Matenda anaumaliza pakati pa 1966 ndi 1973. Alimi anapulumukira mbewu yochokera ku Miyagi ku Japan, pamodzi ndi nkhono zikuluzikulu zoswetsa zochokera ku British Columbia ku Canada. Wathyathyathya uja naye anakanthidwa ndi tizilombo tiwiri, Marteilia ndi Bonamia, kachiwirika mu 1979, ndipo lero ndi kagawo kakang'ono chabe ka zokolola.

Wa ku Japan ameneyu, amene amadziwika kuti wa Pacific, ndi yemwenso amalimidwa ku Ireland, m'chigawo cha Washington ku America, ku Tasmania ku Australia, ku Chile, ku Namibia ndi ku South Africa. Tsunami wa pa 11 March 2011 atasesa minda ya ku Miyagi, alimi a ku France anasonkha zingwe, zoyandamitsa ndi ndalama n'kutumiza ku Japan, pokumbukira amene anawapatsa mbewu zaka 40 m'mbuyomo.

Nanga ngati mtundu uli womwewo kuyambira ku Hiroshima ku Japan mpaka ku Lüderitz ku Namibia, wogulitsa asiyanitse bwanji katundu wake? Afalansa amagulitsa dzina la malo ndi kamalizidwe. Ku Marennes-Oléron kuli maiwe osaya a dongo, amene kale ankapangiramo mchere, otchedwa claires. Maoyisitara okula kale amawasamutsira m'maiwemo kwa milungu ingapo kuti kakomedwe kake kasinthe. M'maiwe ena mumamera kandere kotchedwa Haslea ostrearia kamene kamasandutsa m'mphepete mwa mnofu kukhala mobiriwira, ndipo obiriwirawo amagulidwa mokwera. Apamwamba zedi, otchedwa pousse en claire, amakhala m'dziwe miyezi yosachepera inayi, osapitirira asanu pa sikweya mita imodzi. Kukula nako kuli ndi lamulo lake: manambala amayambira 0 kufika 5, ndipo nambala ikamachepa ndiye kuti nkhono ikukula. Nambala 3, imene anthu amagula kwambiri, imalemera magalamu 66 mpaka 85.

Pafupifupi theka la maoyisitara onse a chaka ku France amagulidwa pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Ntchito ya zaka zitatu imadalira milungu yochepa. N'chifukwa chake chaka chikamatha apolisi amalondera minda usiku, poti akuba amabwera ndi maboti n'kunyamula matumba athunthu. N'chifukwa chakenso zimene zinachitika ku Arcachon kumapeto kwa December 2023 zinali zopweteka. Mvula yambiri inasefukiritsa mapaipi a zonyansa, kachilombo ka norovirus kanalowa m'madzi, anthu anatsegula m'mimba, ndipo boma linaletsa kugulitsa patangotsala masiku ochepa kuti chaka chithe. Alimi sanalakwe kanthu, koma ndiwo analipira mlandu wa mapaipi a m'tauni.

Ku Asia nkhani ndi ina. China yokha imakolola matani oposa 5 miliyoni pa chaka, kuwerengera ndi zigoba zomwe, kutanthauza oposa 80 pa 100 alionse a maoyisitara olimidwa padziko lapansi. France, amene ali patsogolo ku Ulaya konse, pa zaka zake zabwino ankafika matani pafupifupi 130,000. Komabe pa malonda a pakati pa mayiko China samveka kwenikweni, chifukwa pafupifupi zonse zimadyedwa konko, ndipo zimadyedwa zophika: zokazinga ndi mazira ku Fujian ndi ku Taiwan, zowotcha pa makala ndi adyo m'misewu usiku, zoumitsa padzuwa zodya pa Chaka Chatsopano cha Chitchaina ku Guangdong ndi ku Hong Kong. Msuzi wakuda wa oyisitara wogulitsidwa m'mabotolo unatchukira komweko. Kampani ya Lee Kum Kee inayamba kuupanga mu 1888 ku Guangdong.

Wogula mnofu alibe nazo ntchito zoti chigoba chinali chokongola kapena chopindika. Choncho mlimi wa ku Fujian kapena ku Guangxi sataya nthawi ndi kutembenuza matumba. Amaboola zigoba zakale, kuzitunga pa chingwe, kuzipachika m'madzi pa nthawi yoswana, ndipo tiana timamatirira tambirimbiri pa chigoba chimodzi n'kukula mothinana mpaka kusanduka chibuluma. Pokolola amakoka chingwe chonse. Ntchito yaikulu imadikira kumtunda, yotsegula zigoba.

Ku Tongyeong, kum'mwera kwa South Korea, kumene kumachokera maoyisitara ambiri a dzikolo, mashedi a m'mbali mwa gombe amadzaza m'bandakucha nyengo yozizira. Ogwira ntchito ambiri ndi amayi achikulire, ataimirira pa matebulo aatali pomwe pakhuthulidwa milu ya zibuluma. Dzanja lina lagwira nkhono, lina likulowetsa kampeni pakati pa zigoba, kudula mnofu wotsekera, kugwetsera nyama m'chidebe, kutola ina, pakuti malipiro amatengera makilogalamu. Mtengo umakwera mu November ndi December pamene mabanja akukonza kimchi, ndiwo ya masamba yowawasa yodya nyengo yonse yozizira, poti ambiri amathiramo maoyisitara kapena kudyera limodzi. Kunja kwa mashediwo kumaunjikana mapiri a zigoba, vuto limene alimi a ku France salidziwa chifukwa zigoba zawo zimapita ndi wogula.

Ku Japan, chigawo cha Hiroshima chimatulutsa pafupifupi 60 pa 100 alionse a zokolola za dzikolo, pa nsanja zoyandama za nsungwi. Ambiri amagulitsidwa otsegulatsegula m'mapaketi, ndipo paketi imalembedwa kuti ndi yodya yaiwisi kapena yophika. Alendo amaganiza kuti yophikayo ndi yogonera. Ayi, chimene chimasiyanitsa ndi madzi kumene nkhonozo zinakololedwa ndi kutsukidwa kwake.

Malire a misika iwiriyi akusuntha. Anthu a ndalama ku Shanghai ndi ku Hong Kong tsopano amafuna aiwisi a m'chigoba, ndipo alimi a ku Rushan, m'chigawo cha Shandong, anayamba kulera nkhono imodziimodzi m'makola kuti apeze msika umenewu. Kampani ya Gillardeau ya ku France inafika pozokota chilembo G pa zigoba zake ndi kuwala kwa laser chifukwa ena ankagulitsa katundu wawo pa dzina lake.

United States ili ndi misika yonse iwiri m'dziko limodzi. Ku Louisiana madzi ndi ofunda, osaya, ndipo nyanja siphwa kwambiri. Mlimi amachita lendi pansi pa nyanja kwa boma, kumwazapo zigoba zakale kapena miyala yoswa, n'kudikira kuti tiana tachilengedwe timatirirepo. Pokolola amakoka ndi boti chitsulo cha mano chokhala ndi ukonde kumbuyo. Amagulitsa pa saka, ndipo ambiri amakatsegulidwa m'mafakitale kuti akazingidwe. Mabanja ambiri a ntchitoyi ku Plaquemines ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Croatia. Kuwonjezera pa mafuta amene anatayika pa ngozi ya Deepwater Horizon mu 2010, mdani wawo wamkulu ndi madzi a mtsinje. Mu 2019 zitseko zopatutsira madzi osefukira za Bonnet Carré zinatsegulidwa kawiri kuti mtsinje wa Mississippi usamize New Orleans, mchere unachepa m'madzi a kugombe, ndipo maoyisitara anafa pafupifupi onse m'chigawo cha nyanja chotchedwa Mississippi Sound.

Kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo mlimi amagula mbewu ya mmodzimmodzi, kuilera m'makola oyandama, n'kugulitsa ku malesitilanti ndi dzina la mudzi wake, monga Wellfleet ku Massachusetts. Ndi malonda a chigoba, ofanana ndi a ku France.

Pali chinthu china chimene America amationetsa bwino kuposa dziko lina lililonse, ndicho funso lakuti pansi pa madzi ndi pa yani. Chesapeake Bay, mbali ya nyanja yolowa kumtunda, ili pakati pa zigawo za Maryland ndi Virginia, madzi ake ndi amodzi. M'ma 1880 Maryland yekha anafika pokolola madengu akuluakulu otchedwa bushel okwana 15 miliyoni pa nyengo imodzi. Kukolola mopyola muyeso, matope, ndi matenda a MSX ndi Dermo zinagwetsa zonsezo mpaka kutsala kachigawo kakang'ono zedi. Virginia anali atayamba kale kupereka malo a lendi kwa anthu, ndipo ulimi utabwera anatsogola gombe lonse la kum'mawa. Maryland anagwiritsitsa mfundo yakuti miyala ya maoyisitara ndi ya asodzi onse, n'kudzasintha lamulo la lendi mu 2009. Ku Washington, malamulo a 1895 otchedwa Bush ndi Callow analola anthu kugula malo a m'mphepete mwa nyanja kuti azilimapo nkhono, ndipo mpaka lero chigawochi ndi chimodzi mwa zotsogola. Palibe amene angaike ndalama zake pa nkhono yodikira zaka zitatu pamalo poti wina aliyense angathe kudzakolola usiku. Koma asodzi a ku Maryland nawo sankakana pachabe: malo akapita kwa munthu mmodzi, wosauka amene ankapezapo ndiwo ndi kangachepe amatsala padera.

Chipata chenicheni cha msika wa ndalama ndi ukhondo wa madzi. Moto umapha tizilombo, koma wodya zaiwisi alibe china chomuteteza. Mayiko a European Union amagawa magombe m'magulu atatu malinga ndi kuchuluka kwa mabakiteriya a m'chimbudzi otchedwa E. coli mu magalamu 100 a mnofu. A gulu A, osapitirira 230, amapita molunjika kumsika. A gulu B, mpaka 4,600, ayenera kuyamba akhala m'mathanki a madzi oyera kuti adzitsuke m'mimba. A gulu C, mpaka 46,000, amasamutsidwira kumadzi oyera kwa nthawi yaitali kapena kuphikidwa ku fakitale. United States imayeza madzi enieniwo m'malo mwa mnofu, ndipo thumba lililonse limayenda ndi kakhadi kosonyeza malo ndi tsiku lokololera, kamene lesitilanti imasunga masiku 90. Chifukwa cha kusiyana kwa kayezedwe kameneka, malonda a nkhono zamoyo pakati pa Ulaya ndi America anaima kwa zaka zoposa 10, n'kudzatsegulidwa mu 2022 kwa malo anayi okha: Spain, Netherlands, Massachusetts ndi Washington. Britain atatuluka mu European Union, kuyambira January 2021 alimi ake a m'madzi a gulu B anangozindikira kuti sangathenso kutumiza nkhono zosatsuka kwa ogula awo akale a kutsidya. Madzi anali omwewo, nkhono zomwezo. Mu 2012 America anaimitsanso nkhono za ku South Korea kwa miyezi ingapo atapeza zonyansa za anthu m'madzi olimamo.

Madzi ofunda ali ndi tsoka lina losachokera kuchimbudzi. Bakiteriya wa Vibrio vulnificus amakhala m'nyanja mwachilengedwe ndipo amachuluka kukatentha. Sagwira anthu ambiri, koma mwa odwala asanu mmodzi amamwalira, makamaka amene ali ndi vuto la chiwindi. Kuyambira 2003 California salola maoyisitara aiwisi a ku Gulf of Mexico okololedwa kuyambira April mpaka October pokhapokha atayamba akonzedwa kuti bakiteriyayo afe. Magombe otentha, kuphatikizapo ambiri a mu Africa, amayamba mpikisano wa msika wa zaiwisi atanyamula kale mtolo umenewu.

Mbewu nayo ikugawa alimi. Ena amatchera tiana m'nyanja monga kale, ena amagula kumalo oswetsera, kumene nkhono zimabadwira m'mathanki. Kumeneko ndi kumene kumachokera maoyisitara otchedwa triploid, okhala ndi magulu atatu a ma chromosome, tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa, m'malo mwa awiri. Saswana kwenikweni, choncho sawonda kapena kuchita mkaka m'nyengo yotentha, ndipo amagulitsika chaka chonse. Wasayansi Standish Allen wa ku America ndi mmodzi mwa amene anatsogolera luso limeneli. Ku France alimi ena amalimbikira kuti pa bokosi pazilembedwa ngati nkhono inabadwira m'nyanja kapena m'thanki, ndipo ine ndikuona kuti akunena zoona, wogula ayenera kudziwa. Nkhawa yawo ina ndi yodalira makampani ochepa pa mbewu. Mu 2008 mtundu watsopano wa kachilombo ka herpes ka maoyisitara unapha tiana tochuluka ku France, zokolola n'kutsika kufika pafupifupi matani 80,000 m'zaka zotsatira. Matenda omwewo atafika ku Tasmania mu 2016, alimi a ku South Australia, amene nkhono zawo sizinadwale n'komwe, anasowa chobzala chifukwa mbewu yawo yambiri inkachokera ku Tasmania ndipo malire anatsekedwa. Ku Oregon ku America, mu 2007 ndi 2008, timphutsi tinkafa m'mathanki a malo oswetsera a Whiskey Creek, ndipo zinapezeka kuti madzi otumphuka kuchokera pansi pa nyanja anali ndi asidi wochuluka moti tizigoba toyamba tinkalephera kuumbika. Tsopano amayeza madzi nthawi zonse n'kuthiramo mankhwala ochepetsa asidiyo, ndipo alimi ena anasamutsira malo awo oswetsera ku Hawaii.

Kum'mwera kwa Africa ulimi unatsata njira ya ku Ulaya. Madzi ozizira oyenda m'mbali mwa gombe, otchedwa Benguela, amabweretsa chakudya chochuluka kuchokera pansi pa nyanja, moti ku Walvis Bay ndi ku Lüderitz ku Namibia oyisitara amatha kufika pogulitsidwa chaka chisanathe, pomwe ku Brittany amadikira zaka zitatu. Madzi omwewo nthawi zina amatulutsa mpweya wa sulufule kapena ndere zoipa, ndipo mu 2008 alimi a ku Walvis Bay anataya zokolola zochuluka. Anthu a m'dzikomo ndi ochepa, choncho katundu wambiri amapita ku South Africa ndi ku Asia. Ku South Africa minda ikuluikulu ili ku Saldanha Bay ndi ku Algoa Bay. Knysna, kumene ulimiwu unayambira m'ma 1940 ndipo kuli chikondwerero cha maoyisitara kuyambira 1983, yatsala ndi dzina. Ambiri odyedwa kumeneko amalimidwa kwina.

Kumadzulo kwa Africa ndiye kuli nkhani imene imandikhudza kwambiri. Ku Gambia, ku Senegal, ku Guinea-Bissau, ku Sierra Leone mpaka ku Ghana, maoyisitara ndi ntchito ya amayi, ndipo m'malo ambiri amamera okha pa mizu ya mitengo ya mangrove, ija ya m'matope a madzi amchere. M'dambo la Tanbi, pafupi ndi Banjul, likulu la Gambia, mayi amapalasa bwato nyanja ikaphwa, kutsikira m'matope, n'kumagwaza nkhono pa mizu ndi kankhwangwa, manja ndi mapazi atakulunga nsanza chifukwa zigoba zimacheka. Akafika kumtunda amaziwiritsa mu mgolo kuti zitseguke, kuchotsa mnofu, n'kukaugulitsa pa kapu m'mbali mwa msewu. Zigoba amaziwotcha kupanga laimu. Ndi msika wa mnofu, wofanana ndi wa ku Fujian, koma wopanda kuchuluka kwa ku Fujian, ndiye ndalama yake imakhala yochepa poyerekeza ndi ululu wa ntchitoyo.

Mu 2007 Fatou Janha Mboob anayambitsa bungwe la TRY Oyster Women's Association, limene linakula kufika amayi oposa 500 ochokera m'midzi 15. Mu 2012 boma la Gambia linawapatsa ufulu woti iwo okha ndiwo azikolola maoyisitara m'dambo la Tanbi, ndipo chaka chomwecho bungweli linalandira mphoto ya Equator Prize. Amayiwo anagwirizana kuti azikolola miyezi inayi yokha, March mpaka June, miyezi ina yonse dambo lipume, komanso kuti asamadule mizu. Amene amadziwa za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira, amvetsa msanga mmene zoterezi zimayendera: lamulo limagwira ntchito chifukwa olisunga ndi eni ake. Nkhono za ku Tanbi zinayamba kukula, mtengo wa kapu n'kukwera. Okolola a pa mtsinje wa Densu ku Ghana anatengerapo phunziro n'kuyamba kutseka nyengo mu 2017.

Ku Senegal, m'madambo a Saloum ndi ku Casamance, amayi ena amatunga zigoba pa zingwe n'kuzipachika pa timitengo m'madzi, njira yofanana ndi ya ku Asia, imene imapulumutsa mizu ya mangrove. Magulu ochepa amatumiza nkhono zamoyo ku Dakar, kumene dazeni imodzi imabweretsa ndalama zimene mnofu wouma wa nkhono zambirimbiri sungafikepo. Pulogalamu ya FISH4ACP ya FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, yagwirapo ntchito ndi okolola a ku Senegal ndi ku Gambia pa zimenezi. Chimene chimatsekereza ambiri si luso kapena ubwino wa nkhono zawo. Ndi labotale yoti iziyeza madzi mwezi ndi mwezi, mathanki otsukira, firiji, ndi galimoto yofika mumzinda nkhono zisanafe, zinthu zimene mayi mmodzi wa bwato sangazipeze yekha ndipo zina mwa izo ndi udindo wa boma.

Ndipo zikadzapezeka zonsezo padzabuka funso la ku Chesapeake lija. Nkhono ikasanduka ya ndalama zambiri, obwera ndi maboti a injini ndi makola a pulasitiki adzapempha malo a lendi m'madzi omwewo amene amayi akhala akukololamo kuyambira kalekale. Amayi a ku Tanbi ufulu wawo unalembedwa mu 2012, msika umenewo usanafike. M'magombe ambiri a mu Africa kumene amayi amakolola chimodzimodzi, chikalata chotere sichinalembedwe.